Kalumo kakuthwa ka mlendo kameta ndani ku Cabo Delgado?

Pamsika wa kwathu pali bambo wina wonola mipeni. Anamangirira mwala panjinga yakale, ndiye akamapalasa mwalawo umazungulira, moto n'kumathetheka. Amayi a nsomba, anyamata ootcha nyama, alimi a zikwanje zobuntha, onse amathera pamenepo, ndipo mkuluyu safunsa munthu kuti ukadula chiyani. Koma tsiku lina ndinamuona akubweza mnyamata wina amene anabwera ndi chikwanje maso ali psuu, pakamwa pakutuluka dzina la mlamu wake ndi nkhani ya malire a munda. Bamboyo anangoti, "Achimwene, mwala watentha lero, mubwere mawa." Ndalama ija anaikana. Sanapite kusukulu ya zamalamulo, koma ankadziwa kuti chikwanjecho chikakavulaza munthu, dzanja lake lidzakhala lili momwemo.

Maboma amene amatumiza akatswiri awo kukaphunzitsa asilikali a dziko lina kulimbana ndi zigawenga amagwira ntchito ya bambo ameneyu. Kusiyana kwake n'koti iwo kawirikawiri sayang'ana nkhope ya wobwera ndi chikwanjecho, ndipo zikavuta amasamba m'manja n'kunena kuti ife tinangonola. Ine ndikukana zimenezo, ndipo chitsanzo changa sindikuchitenga kutali. Chili kuseri kwa nyanja yathuyi, kumpoto kwa Mozambique.

Nkhondo ya ku Cabo Delgado inayamba pa 5 October 2017, pamene anyamata a zikwanje ndi mfuti zowerengeka anaukira mapolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Boma la ku Maputo linati ndi mbava wamba, zitha posachedwa. Sizinathe. Mu 2019 linabweretsa asilikali aganyu a Wagner ochokera ku Russia, amene anakumana nazo m'nkhalango n'kulongedza patangotha miyezi yochepa. Kenako linalemba ganyu kampani ya Dyck Advisory Group ya ku South Africa ndi timahelikopita take. Pofika August 2020, zigawengazo zinali zitalanda Mocímboa da Praia yense ndi doko lake, ndipo zinakhalamo chaka chathunthu ngati kwawo.

Tsono taonani mwezi wa March 2021. Pa 10, boma la America linalengeza kuti gululi ndi nthambi ya Islamic State. Pa 15, ofesi ya kazembe wake ku Maputo inalengeza kuti asilikali apadera a dzikolo aphunzitsa asilikali a pamadzi a Mozambique kwa miyezi iwiri. Pa 24, zigawenga zinalowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi Afungi pomwe kampani ya Total imamanga chimpanda cha gasi cha ndalama zokwana madola 20 biliyoni. Anthu anaphedwa m'misewu, ena anathawira m'nkhalango, ena m'mabwato, ndipo mwezi wotsatira Total inaimitsa ntchito. Sindikunena kuti alangizi aja akanatha kupulumutsa Palma m'masiku asanu ndi anayi, ayi. Ndikungofuna muone kukula kwa bala ndi kuchepa kwa nsanza yomwe anabwera nayo. Portugal, mtsamunda wakale, naye anatumiza alangizi pafupifupi 60. Kenako mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU unakhazikitsa ntchito yakeyake yophunzitsa, yomwe inayamba mu October 2021, ndi cholinga chosula magulu 11 a asilikali othamangira pomwe pavuta. A pamadzi ankaphunzirira ku Katembe, tsidya la mzinda wa Maputo, a pamtunda ku Chimoio, ndipo EU inaikapo mayuro 89 miliyoni ogulira zipangizo zomwe si zophera anthu.

Chifukwa chiyani boma lililonse likafuna kuoneka kuti lachitapo kanthu limathamangira maphunziro? Chifukwa ndi chisankho chotchipa pa ndale. Sutumiza ana a anthu kukafa, choncho mabokosi a maliro sabwera kwanu. Sufunika kukangana ndi aphungu kwa miyezi. Mawu oti maphunziro amamveka bwino m'khutu, ngati ukumanga sukulu. Ndipo pamapeto pali chowerenga: taphunzitsa anthu mwakuti, magulu mwakuti, pali chithunzi cha mwambo wolandira masatifiketi, akuluakulu atavala nyota zawo. Nduna imabwerera kwawo ili ndi chonena. Chomwe palibe amene amawerenga ndi chakuti mayi wa ku Macomia akaona galimoto ya asilikali ikubwera, amathamangira komweko kapena amathawira kutchire.

Funso limenelo ndiye nkhondo yonse. Zigawenga za m'tchire sizigonja chifukwa choti winawake waphunzira kuwombera molunjika. Zimagonja anthu a m'midzi akayamba kuulula kuti mwana wa uje wasowa, kumtsinje kwaoneka mapazi achilendo, wina akugula mpunga wambiri usiku. Munthu saulula zotere kwa msilikali amene dzulo anamulanda ndalama pachipata cha pamsewu, kapena amene anamenya mchimwene wake chifukwa chongovala kofia ndi kusunga ndevu. Ndipo mbiri ya asilikali a boma kumeneko si yabwino. Mu April 2020 mtolankhani wa wailesi ya m'dera la Palma, Ibraimo Mbaruco, anasowa atangotumiza uthenga kwa mnzake woti wazunguliridwa ndi asilikali. Mu September chaka chomwecho, dziko lonse linaona kanema wa amuna ovala yunifolomu ya asilikali akumenya mayi wamaliseche pamsewu, kenako n'kumuwombera maulendo 36, malinga ndi kuwerenga kwa Amnesty International. Boma linati ndi zigawenga zovala zovala zobera. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi kanemayo ataoneka, alangizi akunja anafika ndi mwala wawo wonolera.

Wina anena kuti, ndiye chifukwa chake akufunika maphunziro, kuti asiye nkhanza zoterozo. Ndipo n'zoona kuti pa ndandanda ya EU pali phunziro la ufulu wachibadwidwe ndi malamulo a nkhondo. Koma tisanamizane. Msilikali amene amawombera mayi wopanda chida sachita zimenezo chifukwa choti tsiku la phunzirolo anajomba. Amachita chifukwa akudziwa kuti palibe chimuchitikire. Amene amalanda ndalama pamsewu amatero chifukwa malipiro ake achedwa, chakudya cha kumsasa chathera m'njira, ndipo bwana wake akudya zazikulu kuposa iye. Zimenezi mlangizi wochokera ku Lisbon sangazikonze pabwalo la perete. Tisaiwale kuti Mozambique ndi dziko lomwe akuluakulu ake anabwereka mobisa ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni m'dzina la kuteteza gombe ndi kusodza nsomba, kudzera m'makampani a ProIndicus, EMATUM ndi MAM. Nkhaniyi itaphulika mu 2016, maboti ambiri anali akuchita dzimbiri padoko la Maputo. Amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024. Gombe lomwe ankati ateteza ndi lomwelo linagwa m'manja mwa zigawenga.

Palinso mizu ya nkhondoyi, yomwe mfuti siifika. Cabo Delgado ndi chigawo cha gasi, matabwa ndi miyala ya rubi ya ku Montepuez, koma anthu ake ndi ena mwa osaukitsitsa m'dzikomo. Kumayambiriro kwa 2017 apolisi anapitikitsa anthu masauzande omwe ankakumba miyalayo pawokha. Mu 2019 kampani ya Gemfields, yokumba rubi kumeneko, inavomera kulipira mapaundi 5.8 miliyoni kwa anthu omwe anaisumira ku London pa nkhani za nkhanza kumgodiko, ngakhale sinavomere kulakwa. A mtundu wa Mwani a m'mphepete mwa nyanja akhala akudandaula kuti zabwino zonse zimapita kwa anzawo a kumtunda ndi a ku Maputo. Alaliki achipembedzo chonyanyira anapeza nthaka yolimidwa kale. Sindikuwayeretsa anyamatawa. Anthu odula anzawo mitu ku Muatide ndi ku Xitaxi, oba ana ndi atsikana, alibe chowiringula. Koma boma lakunja limene likusankha kuthandiza liyenera kudziwa kuti likulowa m'nyumba momwe muli mkangano wa chuma, ndipo likanola chikwanje cha mmodzi latenga mbali.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo timaunena mwambiwu moyamikira. Timaiwala kuti mlendo amapita, kalumo n'kutsala, ndipo amene wakasunga ndiye amasankha mutu woti amete. Dera lathu lino linaziona kale. Mu 1981 alangizi opitirira 100 a ku North Korea anafika ku Zimbabwe kudzasula gulu lomwe linatchedwa Fifth Brigade, ati lothana ndi zigawenga. Kuyambira January 1983 gululo linalowa m'Matabeleland, ndipo anthu wamba masauzande, ena amati 20,000, anaphedwa pa zomwe zimatchedwa Gukurahundi. Ife tomwe tili ndi nkhani yathu. Apayoniya anayamba ngati gulu lophunzitsa achinyamata ulimi ndi mwambo, ndipo alangizi a ku Israel anathandiza kuliyala. Amene anakhalapo nthawi imeneyo akudziwa chomwe linasanduka, mpaka asilikali anachita kulilanda zida ndi mfuti pa Operation Bwezani mu December 1993. Wophunzitsa uja anali atapita kalekale.

Kumadzulo kwa Africa nkhaniyi yafika pochititsa manyazi. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri, America ndi France anathira ndalama ndi alangizi m'mayiko a Sahel. Kaputeni Amadou Sanogo, amene analanda boma la Mali mu 2012, anaphunzirako ku America. Assimi Goïta, wolanda boma lomwelo mu 2020 ndi 2021, anachita nawo maphunziro a asilikali apadera a America. Ya ku Guinea ndiye yoseketsa ngakhale ili yomvetsa chisoni: pa 5 September 2021, alangizi a America ali mkati mophunzitsa gulu la Mamady Doumbouya, ophunzirawo ananyamuka kupita ku Conakry kukagwetsa Pulezidenti Alpha Condé. Ku Niger, America inamanga bwalo la ndege zopanda woyendetsa ku Agadez la ndalama zoposa madola 100 miliyoni, inataya asilikali anayi ku Tongo Tongo mu 2017, ndipo mu July 2023 akuluakulu a nkhondo, mmodzi wa iwo Moussa Salaou Barmou amene Amerika ankamudalira kwambiri, anachotsa Pulezidenti Mohamed Bazoum. Pofika September 2024 asilikali a America anali atatulutsidwa. Uchigawenga m'Sahel, m'malo mochepa, wafika pokhala woopsa kuposa kwina kulikonse padziko.

Sindikukhulupirira kuti maphunziro ndiwo amapangitsa munthu kulanda boma. Asilikali ambiri ophunzitsidwa kunja salanda kanthu. Koma mukatenga kagulu kamodzi, n'kukapatsa zida zabwino, mawailesi, luso loyenda usiku ndi mtima woti ife ndife apamwamba, m'dziko momwe makhoti ndi Nyumba ya Malamulo zili zofooka, mwakuza dzanja limodzi thupi lonse lili lowonda. Tsiku lina dzanjalo lidzatsina mwini wake.

America ili ndi lamulo lomwe limayesa kuchita zomwe anachita wonola mipeni uja. Lamulo la Leahy, lomwe linayamba mu 1997, limaletsa kuthandiza gulu la asilikali lomwe pali umboni wodalirika woti linachita nkhanza zoopsa. Palinso lamulo loimitsa thandizo boma likalandidwa ndi asilikali. Pamapepala n'zabwino. Koma boma lomwelo ndi lomwe limasankha kuti umboni ndi wodalirika liti, ndiponso kuti chachitikacho chitchedwe kulanda boma kapena ayi. Za ku Niger zinachitika mu July, koma Washington inadikira mpaka October kuti itchule dzina lake, ikuyang'ana bwalo la ndege lija.

Tsopano ndinene zomwe otsutsana nane anganene, chifukwa si zopusa. Akuti mukakana kuphunzitsa, malowo sakhala opanda munthu, amabwera oipa kuposa inu. Ku Mali, a France akuchoka analowa a Wagner, ndipo bungwe la United Nations linapeza kuti m'mudzi wa Moura, mu March 2022, asilikali a Mali ndi anzawo achilendo anapha anthu osachepera 500 m'masiku asanu. Akutinso onani asilikali a Malawi. Aphunzitsidwa ndi a Britain ndi a America kwa zaka zambiri, anali m'gulu loyamba kulandira maphunziro osungitsa mtendere a America mu 1997, ndipo mu April 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira anaima pa malamulo, Joyce Banda n'kulumbira. Mu 2019, pa zionetsero za chisankho, anthu ankaombera m'manja akaona galimoto za asilikali. Zonsezi ndikuzivomera, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti maphunziro athetsedwe. Koma taonani bwino chitsanzo cha Malawicho. Chomwe chinagwira ntchito si sabata zisanu ndi zitatu za kuwombera. Ndi chikhalidwe cha gulu lomwe lakula pang'onopang'ono, lodziwa kuti malo ake ndi kumsasa. Mlendo anathirira mbewu yomwe inali itamera kale. Ku Cabo Delgado akufuna kuthirira pathanthwe, mwachangu, chifukwa gasi akudikira.

Ndipo gasiyo tisamuzembe. Amene anabweza Mocímboa da Praia m'manja mwa boma mu August 2021 si omaliza maphunziro a ku Katembe. Anali asilikali a Rwanda, okwana 1,000 poyamba, omwe anafika mu July n'kupita molunjika ku Palma ndi Mocímboa, maboma awiri ozungulira ntchito ya Total. Asilikali a SADC, momwe Malawi analinso, anapatsidwa madera ena, anavutika ndi ndalama, ndipo anachoka mu 2024. Mu May chaka chomwecho, iwo akulongedza, zigawenga zinalowa m'tauni ya Macomia n'kututa chakudya dzuwa likuswa mtengo. EU inapatsa asilikali a Rwanda mayuro 20 miliyoni mu 2022 ndi ena 20 miliyoni mu 2024, pomwe akatswiri a United Nations anali akunena kuti Rwanda yemweyo akuthandiza gulu loukira boma la M23 ku Congo. M23 imeneyo ndi yomwe inkamenyana ndi asilikali athu pafupi ndi Goma mu January 2025, pomwe ana athu ena anabwera m'mabokosi. Mwala umodzi ukunola zikwanje za mbali zonse, ndipo wopalasa akuti iye alibe mlandu.

Wina angafunse kuti ife zikutikhudza bwanji. Ndinakula ndikuyenda msewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pomwe phula ndiye malire. Ndili mwana, mbali ya kumadzulo kwa msewu kunali nyumba zopanda madenga, makoma obooka ndi zipolopolo, ndipo mbali yathu kunali tinyumba taudzu tothinana ta othawa nkhondo ya Renamo. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'dziko muno nthawi imeneyo, ndipo asilikali athu anafera panjanji ya ku Nacala akuilondera. Njanji yomweyo ndi yomwe timaidalira lero pa mafuta ndi feteleza. Kumapeto kwa 2021 zigawenga za ku Cabo Delgado zinafika ku Mecula m'chigawo cha Niassa, ndipo mu 2022 zinaotcha mishoni ya Chipene ku Nampula n'kupha sisitere wa ku Italy. Niassa ndi mnansi wa Mangochi ndi Machinga. Momwe asilikali a Mozambique asulidwire, ndi momwe akhalire ndi anthu awo, ndi zomwe zidzanene ngati kumsasa wa othawa nkhondo wa Luwani kudzafunikenso mahema.

Ndiye ndikufuna chiyani kwa boma lomwe likuganiza zotumiza alangizi? Choyamba, chisankhocho chituluke m'chipinda cha akazembe. Aphungu a dziko lotumiza ndi a dziko lolandira adziwe gulu lomwe likuphunzitsidwa, wolilamula ndani, likatumizidwa kuti. Ku Mozambique ngakhale kubwera kwa asilikali a Rwanda sikunadutse m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mgwirizano wake anthu sanauone. Chinanso, wophunzitsa atsatire ophunzira ake. Ngati ungawerenge anthu omwe analandira satifiketi, ungathenso kulemba kuti patatha zaka ziwiri ali kuti ndipo achita chiyani. Ndipo pakhale mzere wodziwika kale, woti gulu likapezeka pa nkhanza ndipo palibe amene waimbidwa mlandu, mwala uima tsiku lomwelo, kaya gasi alipo kaya palibe. Ndalama ina yomwe imathera pa zipangizo ikanapita kwa oweruza milandu ya asilikali ndi kwa owerengera malipiro, ntchito zosaoneka bwino pachithunzi koma zomwe zimasintha khalidwe la munthu wa mfuti pachipata.

Izi zikutikhudzanso ngati olandira. Nafenso timalandira alangizi, timatumiza maofesala athu kunja, ndipo mawa wina adzabwera ndi pulogalamu yolimbana ndi uchigawenga m'malire a Mangochi, ndalama zili m'manja. Tidzaombera m'manja, chifukwa thumba la asilikali athu ndi lobooka. Koma mawu oti chigawenga ndi otambasuka ngati mphira. Nthawi ya chipani chimodzi ankatchulira aliyense wotsutsa. M'dera momwe Asilamu ndi ambiri, gulu lophunzitsidwa kuona mdani mwa aliyense wovala mkanjo lingatibweretsere vuto lomwe tilibe. Komiti ya zachitetezo ya ku Nyumba ya Malamulo iyenera kuona mapepala a pulogalamu yoteroyo asanasainidwe, ndipo mafumu ndi mashehe a kumeneko amve kuti alendowo akudzaphunzitsa chiyani.

Ntchito ya EU ija inamaliza kusula magulu ake 11, ndipo mu September 2024 anaisintha dzina n'kuitalikitsa kuti izipereka upangiri. Pamapepala, zonse zomwe analonjeza zinakwaniritsidwa. Mu 2025, chaka chachisanu ndi chitatu cha nkhondoyi, mabanja a ku Chiúre, ku Cabo Delgado komweko, anali akuyendabe pansi ndi mitolo pamutu, kulowera kummwera.